Musanapereke ndalama, masulani khosi: kagulidwe ka gitala ya besi yakale kuno ku Mchinji

Besi yoyamba imene ndinagula ndi ndalama zanga inali ndi dzina la Fender pamutu. Ndinaitenga ku Chipata, ndipo pobwerera ndinkayenda ngati munthu wotola chikwama. Nditafika kunyumba pa boma ndinamasula mabawuti anayi akumbuyo kuti ndipukute fumbi, n'kupeza kuti thupi lake ndi pulayiwudi, timatabwa tomatamata ngati ta siling'i. Dzina lija inali sitika. Kulira inkalira ndithu, ndipo ndinaimba nayo m'maukwati zaka zitatu, koma ndalama zanga zinapita pa dzina, pomwe dzinalo silinali lake. Zili m'munsimu ndi zimene ndikanachita tsiku limene lija ndikanakhala kuti ndinkadziwa.

Dziwani kaye chimene mukusaka

Gitala siikwera mtengo chifukwa choti yakalamba basi. Zilipo zokalamba zambiri zimene zinali zachabechabe kuyambira tsiku lotuluka m'fakitale. Imene anthu amaifunafuna ndi yopangidwa bwino, yomwenso zida zake zikadali zomwe inabadwa nazo.

Mayina angapo muwasunge pamtima. Leo Fender anatulutsa Precision Bass ku California mu 1951, kenako Jazz Bass mu 1960. Kampani yake anaigulitsa kwa kampani ina yotchedwa CBS kumayambiriro kwa 1965, ndipo osonkhanitsa magitala kunjaku amalimbirana kwambiri zimene zinapangidwa asanagulitse. Palinso Rickenbacker 4001 imene inayamba mu 1961, Music Man StingRay ya 1976, ndi Höfner yooneka ngati vayolini ija amaimba Paul McCartney wa gulu la The Beatles. Koma tisanamizane, zoterezi kuzipeza pa Kamwendo kapena ku Kapiri n'kovuta zedi. Wina akakuitanani kuti ali ndi Fender ya 1962 pamtengo wa njinga yakapalasa, musayambe kusangalala, yambani kukayika.

Zimene ine ndagwirapo kuno n'zochokera ku Japan, za m'ma 1970 ndi m'ma 1980. Yamaha BB, mtundu umene unayamba mu 1977. Ibanez. Aria Pro II, zomwe zambiri zinkapangidwa ku fakitale ya Matsumoku isanatsekedwe mu 1987. Mwamwayi Squier zoyambirira, zija Fender inayamba kupangitsa ku Japan mu 1982. Amenewa ndiwo magitala athu ife: olimba, omveka bwino, ndipo eni ake amawapeputsa chifukwa dzina lake si lomwe analimva pa wailesi.

Zimabisala kuti? Kuseri kwa kabati m'chipinda chosungira zida za kwaya, makamaka m'matchalitchi akale ndi m'mamishoni momwe alendo ankasiya zida. M'nyumba za akuluakulu amene ankaimba m'mabandi ali anyamata. Mu katundu wa obwera kuchokera ku Joni. Ndipo ife a kumalire tili ndi mwayi wina: m'ma 1970 boma la Kenneth Kaunda linalamula kuti nyimbo zambiri pa wailesi ya Zambia zikhale za m'dziko momwemo, mabandi ngati WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family n'kuphuka, zida n'kulowa zambiri ku Lusaka ndi ku Copperbelt. Mabandi ambiri a nthawi imeneyo anatha, koma magitala sanapite kumanda ndi eni ake.

Pofunsa musatchule mawu akuluakulu. Ingoti, "Abusa, kodi zida zakale zija achinyamata anasiya kuimbira zinapita kuti?"

Zotenga popita

Kebo yanu imene mukuidziwa kuti ndi yabwino, ampu (chokuzira mawu) yaing'ono ya mabatire (magetsi akhoza kuthima inu mutangofika), sikuludiraiva ya sitala, ma Allen key, khadi la ATM, ndi foni yokhala ndi tochi ndiponso bandulo. Pitani masana. Mng'alu umabisala m'kuwala kwa kandulo.

Khosi ndilo gitala

Apa khalanipo nthawi, ngakhale mwini wake ayambe kuyang'ana wotchi. Mawaya amasinthidwa, makiyi ochunira amagulidwa, koma khosi lopotoka lilibe sing'anga kuno. Taganizani: nsambo zinayi za besi zimakoka ndi mphamvu yoposa makilogalamu 60, kuposa thumba la feteleza, ndipo kamtengo kameneko kasenza katunduyo usana ndi usiku kwa zaka 40, m'kutentha kwa Okutobala ndi m'chinyezi cha Febuluwale.

Chunani nsambo kaye. Kenako tsamiritsani thupi pa nsapato yanu, mutu ukhale pafupi ndi diso, n'kutsinzina diso limodzi ngati kalipentala woyang'ana thabwa. Yang'anani m'mphepete mwa nsambo yaikulu, kenako m'mphepete mwa yaing'ono. Kupinda pang'ono ngati uta n'kwabwino, besi imafuna zimenezo. Choopsa n'chakuti mbali imodzi yapinda pomwe inayo yawongoka, kapena mutu watembenuka ngati nkhuku yoyang'ana kabawi. Khosi limenelo lapotoka. Thokozani, tsanzikani.

Likapambana mayeso amenewo, yezani kapindidwe. Dinani nsambo yaikulu pa fureti yoyamba (mafureti ndi tizitsulo topingasa pakhosi tija) ndi chala cha kumanzere, n'kuidinanso pa fureti yomaliza ndi cha kumanja. Tsopano nsamboyo yasanduka rula. Yang'anani kampata kapakati pa nsambo ndi fureti ya nambala 8. Kafunika kakhale kongolowa mapepala atatu kapena anayi a m'kope. Mnzanu akalowetsa khadi la ATM n'kumayenda momasuka, khosi lapinda mopitirira. Pakakhala popanda mpata n'komwe, lapindira kumbuyo.

Zonse ziwirizi zimakonzeka, bola chitsulo chamkati chikhale chamoyo. M'kati mwa khosi mumadutsa chitsulo chachitali chotchedwa truss rod, chimene chimalimbana ndi kukoka kwa nsambo. Popotokolera pake pamakhala kumutu, koma pa Fender zakale pali kuchidendene kwa khosi, komwe limalowa m'thupi. Pemphani chilolezo, khwefulani nsambo, n'kupotokola pang'ono kumanzere kaye, osati kumanja. Chikayenda, bwezerani pomwe chinali, n'kumanga kachigawo kamodzi ka magawo anayi a kuzungulira. Chunaninso muone ngati kampata kaja kachepa. Chikamangozungulira mopanda mphamvu, mazinga anatha kapena chinathyoka. Chikakana kusuntha, musachikakamize, mukathyola, mwagula.

Malizani ndi kuliza nsambo iliyonse pa fureti iliyonse, kuyambira kumutu mpaka kumapeto. N'zotopetsa, koma ndi mmene mumagwirira mafureti odyeka, ndiponso kalinunda kamene kamatuluka pafupi ndi chidendene, kochititsa nsambo kulira ngati ntchentche yatsekeredwa m'botolo. Unikaninso ndi tochi: timabowo tonga ta singano tokhala ndi ufa pakamwa ndi chizindikiro choti tizilombo tayamba kale kudya.

Masulani muone m'kati

Apa ndi pomwe ogulitsa amakwinya nkhope. Bambo wina wa chakumalire anandifunsa kuti, "Achimwene, mwabwera kudzagula kapena kudzandiphwasulira katundu?" Ndinati, "Ayi bambo, ndimasula inu mukuona, ndibwezeretsanso inu mukuona. Ikakhala yeniyeni, wopindula ndi inu, chifukwa sindidzakhalanso ndi pakamwa ponenerera." Anaseka, n'kundipatsa mkeka woyalira mabawuti. Wokanitsitsa zimenezi, pali chimene akudziwa.

Yambani ndi nambala. Pa Fender za ku America, kuyambira chapakati pa ma 1950 mpaka 1976, nambala ili pa kachitsulo kakumbuyo kogwira khosi. Ikayamba ndi L ndi ya pakati pa 1963 ndi 1965. Kachitsulo kokhala ndi chilembo chachikulu cha F ndi ka kumapeto kwa 1965 mpaka 1976. Kuchokera pamenepo nambala inasamukira kumutu: S ndi ma 1970, E ndi ma 1980, N ndi ma 1990. Musaiwerenge ngati chiphaso chobadwira, chifukwa fakitale inkatsiriza kaye masitika otsala, moti S9 imapezeka ngakhale pa besi ya 1981. MN ndi ya ku Mexico ya m'ma 1990. JV ndi ya ku Japan ya pakati pa 1982 ndi 1984, ndipo imeneyo mukaipeza musaisiye. Dziwaninso kuti Jazz Bass za kumapeto kwa ma 1970 zimagwidwa ndi mabawuti atatu, osati anayi.

Koma kachitsulo kamamasulika, ndipo sitika aliyense akhoza kusindikiza. Nambala ndi mboni imodzi chabe, ndipo ngakhale kwa nyakwawa mlandu saugamula ndi mboni imodzi.

Mboni yachiwiri ili pachidendene cha khosi. Khwefulani nsambo, masulani mabawuti, n'kutulutsa khosi molinyamula, osalikankhira m'mbali kuopa kusenda penti. Fender zambiri zakale zili ndi deti lolembedwa ndi pensulo kapena lodindidwa pamenepo. Suzumiraninso m'mphako momwe khosi linatuluka. Mtengo weniweni umaonetsa mizere yake. Pulayiwudi imaonetsa magawo osanjikizana ngati masamba a buku. Fender ya ku America siipangidwa ndi pulayiwudi. Mphako yomweyo imaulula ngati gitala inapentedwanso, chifukwa opaka penti wachiwiri amaiwala kuti mtundu wakale watsalira m'makona.

Mboni yachitatu ndi mapoti, tizitsulo tozungulira tomwe tili kunsi kwa zopotokolera voliyumu. Kumbuyo kapena m'mbali mwake mumadindidwa manambala. Mukaona 1377423, werengani motere: 137 ndi kampani ya CTS imene inapanga, 74 ndi chaka cha 1974, 23 ndi sabata ya 23 ya chakacho. Ikayamba ndi 304, inapangidwa ndi Stackpole. Gitala singakhale yakale kuposa mapoti amene inabadwa nawo, ndiye wina akamalumbira kuti ndi ya 1966 pomwe mapoti akuti 1974, mwina anasinthidwa kapena akunama. Zonse ziwiri zimatsitsa mtengo. Poti mwatsegula kale, onani ngati pali mabowo owonjezera, malo osemedwa ndi tchizulo, kapena mawaya olumikizidwa ndi selotepi.

Jambulani chilichonse. Zithunzi zimenezi mudzazifuna tsiku logulitsa.

Lumikizani ku ampu

Izi sizichedwa. Kwezani voliyumu, n'kugogoda pang'ono timaginito ta pikapu iliyonse (kachida kakunsi kwa nsambo kotola kulira kwake) ndi sikuludiraiva. Yamoyo imayankha kuti "gu". Yosayankha mwina waya wake wamkati unaduka, ndipo wokulunganso waya woonda ngati tsitsi umenewo ndi wosowa. Kukhwekhwereza popotokola voliyumu ndi fumbi chabe, musaope. Ikakhala ya batire la mavoti 9 ngati StingRay, tsegulani muone ngati batire silinaolere m'katimo. Ndipo akakuphatikizirani ampu yochokera ku America, werengani kumbuyo musanailowetse pakhoma: zambiri ndi za mavoti 120 pomwe a ESCOM ndi 230. Imafuka utsi kamodzi basi.

Ngati pafupi pali sikelo ya ogula soya, ikoloŵekeni. Fender zina za kumapeto kwa ma 1970 zimafika makilogalamu 5, ndipo phewa lanu lidzazimva pa kuruseidi ya usiku wonse. Kaya sikeloyo inena zoona, imeneyo ndi nkhani ina.

Kodi ndi yake?

Zida za m'matchalitchi zimabedwa, ndipo kupezeka ndi katundu wobedwa ndi mlandu. Mnyamata wa kwaya akabwera nayo madzulo itakulungidwa m'chitenje, mufunseni kuti komiti ikudziwa kapena ayi, n'kupita naye kwa mkulu wa mpingo. Ikakhala ya malemu, kambani ndi banja, osati mwana mmodzi amene wafulumira. Gitala siiiwalika kwa mwini wake. Höfner ya McCartney inabedwa ku London mu 1972, n'kudzabwerera kwa iye patapita zaka zoposa 50. Nanga kuno, komwe aliyense amadziwa besi ya mpingo wake ndi zipsera zomwe?

Lembani kalata ya mgwirizano: dzina la wogulitsa, nambala ya chiphaso chake cha unzika, mtundu wa gitala, nambala yake, mtengo, deti, ndi mboni imodzi mbali iliyonse. Pepala la m'kope limakwana.

Mtengo

Tsegulani Reverb kapena eBay, masamba a pa intaneti ogulitsirapo katundu, koma muyang'ane zimene zinagulidwa kale, osati zimene anthu akuitanira. Mitengo imeneyo ndi ya madola, kumaiko komwe ogula ndi ambiri, ndiye ikhale yongokuunikirani. Musadalirenso mtengo umene mnzanu anagulira zaka zapitazo. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mokha. Pa mtengo umene mwauganiza chotsanipo nsambo zatsopano, zomwe mukazigula ku Lilongwe ndipo za besi n'zodula, chotsaniponso thiransipoti ndi zokonzetsa. Ponenerera musanyoze katundu. Muonetseni mwini wake fureti yodyekayo ndi chala, aone yekha.

Mukakhala tsidya lija, funsani msanga kuti, "Kwacha yake iti?" Anthu akanganapo mpaka kugwirana m'makolala chifukwa wina ankawerenga ya Malawi, mnzake ya Zambia.

Magitala amatsika mtengo mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zikapepuka ndipo fizi ikufunika. Imeneyo ndiyo nthawi yogula, palibe wotsutsa. Koma maganizo anga ndi akuti mukapeza mayi wamasiye ali ndi JV ya amuna awo, osadziwa chimene wasunga, muuzeni. Phindu mupezabe, ndipo mudzadutsa pakhomo pawo osazemba.

Kufika nayo kunyumba

Mukaigula ku Zambia, ionetseni kwa a MRA pa chipata cha Mwami pamodzi ndi kalata ija. Njira zachidule zimathera kulandidwa katundu. M'minibasi musalole kondakitala aiponye kumbuyo pansi pa matumba a mtedza. Iimikeni pakati pa miyendo, kapena ilipirireni mpando. Pakabaza ndi bwino kumasula khosi, n'kukulunga zigawo ziwirizo m'bulangete.

Musaikongoletse

Ichi ndicho chimandipweteka kuposa magitala abodza. Pa tchalitchi china chakumudzi ndinapeza Yamaha BB ya ku Japan, khosi lowongoka bwinobwino, koma yobiriwira kuyambira kumutu mpaka kumatako. Mkulu wina wa mpingo, pokonzekera alendo, anaona kuti gitala yasuluka, ndiye anaipala ndi sandipepa n'kuipaka penti wotsala popaka zitseko. Tsitsi la bulashi linaumira momwemo, ndipo dontho limodzi linatsikira pa pikapu n'kuuma ngati msozi. Anandionetsa monyadira: "Mwaiona mmene yawalira, aphunzitsi?" Ndinangoti, "Yawaladi, bambo." Ndikananena chiyani?

Kwa osonkhanitsa, penti woyambirira ndi chuma, ngakhale atasenda pomwe mkono umakhudza. Besi yopentedwanso imatha kutsika mtengo ndi theka. Ndiye ntchito yanu ndi kupukuta basi, ndi kansalu kofewa konyowa pang'ono. Sipiriti, thina ndi mankhwala opopera udzudzu zikhale kutali, makamaka ndi Fender za chisanafike chakumapeto kwa ma 1960, zomwe penti wake wa nitrocellulose amasungunuka msanga, ngakhale pongotsamira nthawi yaitali pa labala. Dzimbiri la pa mabawuti lichotseni ndi kadontho ka oyilo wa makina osokera. Mukasintha chida chilichonse, kaya poti, jeki, ngakhale bawuti limodzi, chakalecho chiikeni m'kajumbo, mulembepo, musunge.

Posunga pewani zinthu zitatu: pansi, chifukwa cha chiswe ndi chinyezi, pafupi ndi malata, chifukwa kutentha kumasungunula guluu ndi kupinda khosi, ndi khoma lakunja limene limanyowa m'dzinja. Bokosi lake likhale pamwamba pa tebulo kapena shelefu m'chipinda chamkati. Muziitulutsa n'kuiliza. Amene ali ndi zingapo akhale ndi kope, tsamba limodzi besi imodzi: anaigula kwa yani, liti, nambala yake, ndi zimene anasintha. Ndipo musanyoze babatoni wa agogo wachingwe chimodzi uja. Nayenso ndi besi yakale, ndipo sadzapangidwanso wofanana naye.

Tsiku logulitsa

Gulitsani anthu akakolola, kuyambira Meyi kupita m'tsogolo, ndalama za fodya, soya ndi mtedza zikamayenda, mipingo ikamasonkha zogulira zida ndipo maukwati akayandikira. Jambulani pamthunzi masana: kutsogolo, kumbuyo, mutu mbali zonse, nambala, chidendene, mapoti, ndi chilema chilichonse. Chilema chimene mwachitchula nokha chimadula pang'ono. Chimene wogula wachitulukira yekha chimathetsa malonda. Onjezani kavidiyo kakafupi mukuliza nsambo zonse, n'kuika pa Facebook ndi m'magulu a oimba a pa WhatsApp. Ogula enieni ambiri ali ku Lilongwe ndi ku Blantyre.

Wogula akakhala wakunja, pali nkhani ya mtengo wa pakhosi. Kuyambira 1959 mpaka chapakati pa ma 1960, Fender inkagwiritsa ntchito mtengo wa ku Brazil wotchedwa rosewood pa thabwa la mafureti, ndipo mtengo umenewu uli pa mndandanda wokhwima kwambiri wa CITES, pangano la maiko loteteza nyama ndi mitengo pa malonda, kuyambira 1992. Mitundu ina ya rosewood inalowa m'ndandanda mu 2017, koma mu 2019 zida zoimbira zinamasulidwa, kupatula za mtengo wa ku Brazil uja.  Zilolezo zake kuno zimadzera ku nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire ndi malo osungirako nyama, ndiye funsani kumeneko musanatumize, kuopa kuti gitala ingakagwidwe pa bwalo la ndege la eni ake.

Pa ndalama, musakhulupirire uthenga wa pafoni woti zalowa, chifukwa mauthenga otere anthu amapeka. Tsegulani nokha Mpamba kapena Airtel Money muone balansi, ndipo besi isakwere basi ndalama zisanaoneke. Akamabwera kudzaitenga yekha, kumanani masana pamalo poonekera, mumulole nayenso amasule khosi monga munachitira inu. Pomupatsa, muphatikizepo kajumbo ka zida zakale kaja ndi fotokope ya kalata imene munagulira.